Chilonda cha pa kakolo chatha miyezi 5 osapola, masokosi othina ndikuvala koma palibe kusintha

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikuzengereza kulemba chifukwa nkhani ya chilonda si yokoma kuiyala pa anthu, koma ndafika potopa. Ndili ndi zaka 47, ndimasamalira okalamba kuno ku Leeds, mashifiti a maola 12, nthawi zambiri usiku. Mitsempha ya mwendo wamanzere inayamba kutupa ndili ndi pakati pa mwana wachitatu, kalekale ndikadali ku Zomba. Inkangooneka ngati zingwe zopotana kuchokera m'bondo kutsika pa katumba, ine osaisamala. Zaka 2 zapitazi mwendo unayamba kulemera madzulo, kakolo kumatupa, khungu kumayabwa ngati ndadutsa pa chitedze. Anandipatsa masokosi othina aja ndipo ndavala mokhulupirika, ndikaweruka ndimagona mwendo uli pa mapilo awiri, ndinachepetsako ndi thupi lomwe.

Miyezi 5 yapitayo ndinadzigunda pa chitsulo cha bedi ndikutembenuza agogo ena. Kabala kake kanali ngati njere ya chimanga, pamwamba pang'ono pa kakolo chamkati. Lero ndi chilonda chachikulu ngati dzira lodula pakati. Anesi amanditsuka ndi kumanga kawiri pa sabata. Khungu lozungulira lada ngati dzimbiri, lalimba gwa, ukalitsina silitsinika. Chimatuluka madzi mpaka bandeji kunyowa, ndipo pofika mbandakucha ndimadzimva ndekha fungo, ndimachita manyazi kuyandikira anzanga pa tiyi. Funso langa ndi loti, kodi pamenepa ndiye pothera? Ndizingomangitsa mpaka liti? Alipo amene anadutsamo?

Mayi a Chikondi: Pepani kwambiri asisi. Mulungu akukhudzeni. Musachite manyazi, mwachita bwino kulankhula.

Nambewe: Pepani mayi. Apongozi anga ankapaka uchi weniweni wa kumudzi pa chilonda chotere, chinkauma bwino. Yesani, komanso madzi a aloe vera.

Nagama: A Nachisale, ine ndine namwino, ndakhala zaka zingapo mu wodi ya matenda a mitsempha ya magazi kuno ku Manchester. Sindingakupimeni pa foni, koma mmene mwafotokozera malo a chilondacho, kuda kwa khungu ndi kulimba kwake, zikufanana kwambiri ndi zilonda zobwera chifukwa cha mitsempha yobweza magazi. Ndifunse zinthu 3. Anakuyezanipo BP ya pa kakolo n'kuifananiza ndi ya pamkono? Akumanga ndi bandeji yothina ya magawo angapo kuyambira ku zala mpaka pansi pa bondo, kapena akungophimba chilonda chokha? Nanga munajambulidwapo mwendowo ndi makina a ultrasound mutaimirira?

Nachisale: Zikomo asisita. Ya pa kakolo anayeza poyamba pomwe, anati zili bwino, ndikukumbukira anatchula 1.0. Bandeji ndi yothina ndithu, mpaka nsapato yanga sikwana, ndimavala ya amuna anga phazi limodzi. Kujambula ayi, palibe anandiuzapo.

Nagama: Ndiye pamenepo mpamene pali nkhani. Ndifotokoze pang'ono, mundipirire kutalika.

Magazi akatsika kumiyendo amayenera kukweranso kupita ku mtima. Amene amawakankha ndi katumba, nthawi iliyonse mukuponda. M'kati mwa mitsempha muli tizitseko totseguka mbali imodzi, magazi akadutsa timatseka kuti asabwerere pansi. Tizitseko timeneti tikafooka, munthu akangoimirira magazi amatsetsereka kubwerera kukadzazana pa kakolo. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, madzi ndi timagazi zimatulukira m'minofu. Kuda mukuonako ndi ayironi wa m'magazi amene watsalira pakhungu. Khungu lotero likangong'ambika pang'ono silipola, chifukwa chimene chinalifooketsa chikadalipo. Zili ngati khoma lonyowa chifukwa paipi yaphulika m'kati. Mungapake penti kangati, chinyezi chimatulukirabe.

A Nambewe, uchi sindikuunyoza, ngakhale kuchipatala kuli zomangira zilonda za uchi wokonzedwa bwino. Koma ntchito yake ndi ya pamwamba. Tizitseko takufa sungatidzutse. Ndipo wa kumudzi wosayeretsedwa ndi aloe ndikupempha asapake pa chilonda chotseguka, khungu la miyendo yotere silichedwa kunyanyuka.

Bandeji yothina ndi yofunika zedi, imayenera kufinya pafupifupi 40 mmHg (muyeso womwe uja wa BP) pa kakolo, ndipo musaisiye. Koma kuno ku England malangizo a mu 2013 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala, amanena kuti bala la pansi pa bondo limene latha masabata 2 osapola, mwini wake atumizidwe kwa akatswiri a mitsempha akajambulidwe. Masabata 2, inu muli pa miyezi 5. Malangizo omwewo amati pa mitsempha yotupa yovutitsa, choyamba ndi kuutseka mtsemphawo ndi kutentha, zikakanika ndiye jakisoni wa thovu, zikakanikanso ndiye opaleshoni, ndipo masokosi okha azikhala chithandizo chokhazikika kwa munthu amene njira zinazi sizingatheke. Anthu ambiri amaganiza mosemphanitsa, kuti masokosi ndiye mankhwala ndipo zinazo ndi za anthu ofuna miyendo yokongola.

Nachisale: Ndiye akhoza kugwira mtsempha chilonda chili chiwisi? Ine ndimaganiza kuti mpaka chipole kaye.

Nagama: Kale zinkakhala choncho, koma zinasintha. Kunachitika kafukufuku wotchedwa EVRA m'zipatala 20 za kuno ku UK, zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Anatenga odwala 450 a zilonda zamtunduwu, onse akumangidwa bandeji. Theka anawatseka mitsempha yowonongekayo m'masabata 2 oyambirira, theka linalo anadikira kuti chilonda chipole kaye. Otsekedwa msanga aja zilonda zinkapola pa masiku pafupifupi 56, odikirawo 82. Ndinene mosabisa, anthu amene analowa m'kafukufukuyu anali a zilonda zosapitirira miyezi 6. N'chifukwa chake ndikuti musadikirenso. Kafukufuku wina wakale, ESCHAR, anaonetsa mbali ina: patatha zaka 4, mwa omangidwa bandeji yokha 56 pa 100 alionse chilonda chinali chitabwereranso, pamene mwa amene anakonzedwanso mtsempha anali 31. Kupola ndi nkhani ina, kusabwerera ndi inanso.

Bambo a Yamikani: Alongo anga a Nachisale, ine ndadutsamo chaka chatha, ndifotokoze mmene zinalili kuti mantha achepe. Ndimagwira ku warehouse ku Coventry, kuima tsiku lonse. Ine chilonda sichinafike, koma khungu linali litayamba kuda ndipo tsiku lina ndikusamba kamtsempha ka pa kakolo kanaphulika. Magazi ake simungakhulupirire, ankathamanga ngati mpopi. Akazi anga anandigoneka pansi, mwendo kuukweza pampando, n'kudina ndi thaulo mpaka anasiya. Pamenepo mpamene anandithamangitsira kwa akatswiri.

Pojambula anandiimiritsa pa kabenchi, kupaka mafuta ozizira aja, mayi wojambulayo n'kumafinya katumba n'kusiya. Pa sikirini ndinkaona ndekha utoto wa buluu magazi akukwera, akasiya kufinya kumabwera wofiira wautali, magazi akubwerera pansi. Anandiuza kuti kubwerera kopitirira theka la sekondi ndiye kuti tizitseko tafa, anga ankabwerera masekondi angapo. Mtsempha wake ndi wautali uja wochokera pa kakolo chamkati kukafika m'mphechepeche, amautcha great saphenous.

Tsiku lake sanandigoneke tulo. Ndinalowa ndi mapazi anga, kugona pabedi, jakisoni wa dzanzi pansi pa bondo, n'kulowetsa kawaya kopyapyala m'mtsempha mpaka kufupi ndi mphechepeche akuyang'ana pa sikirini. Chimene chinandiwawa ndi majakisoni a madzi a dzanzi amene amabaya motsatira ntchafu yonse, angapo ndithu, kuti mtsempha uzingidwe ndi madzi ndipo kutentha kusawotche khungu. Ntchafu imachita kudzadza ndi kuzizira. Atatha pamenepo kutentha kwenikweniko sindinakumve, ndinkangomva makina akulira pii, adokotala kukoka kawaya pang'ono, pii kachiwiri. Anati kansonga kake kamafika madigiri 120, kamawotcha masentimita 7 pa masekondi 20. Timitsempha topotana ta pa katumba anatichotsa ndi kambedza pa timabowo tating'ono tosafuna kusoka. Ola limodzi silinakwane. Anandimanga, kundiuza kuti ndiyende mphindi 20 m'khonde la chipatala ndisanakwere galimoto. Ndinapita Lachinayi, Lachitatu lotsatira ndinali pantchito. M'ntchafu munkakoka ngati muli chingwe kwa masabata 2, kenako zii.

Phiri: Achimwene mwafotokoza bwino, koma ine mutu sukundigwira. Mulungu anaika mtsempha pamenepo ndi cholinga. Mukauwotcha, magazi a m'phazi adzera kuti? Ine ndili kuno ku Johannesburg, akazi anga adokotala anawauza zomwezi zowotcha mtsempha ndi kuwala kwa laser, ine ndinakana. Ndalama zake si zamasewera, ndiye uwononge ndalama uwonongenso mwendo.

Nagama: A Phiri, funso lanu ndi limene pafupifupi wodwala aliyense amafunsa. Mwendo uli ndi misewu iwiri. Waukulu uli m'kati mwa minofu pafupi ndi mafupa, ndipo umanyamula pafupifupi magawo 9 mwa 10 a magazi obwerera. Wa pansi pa khungu ndi wothandizira chabe. Tsono mtsempha umene tizitseko take tafa sukukwezanso magazi, ukuwatsitsa. Msewu wam'kati umakweza, uwu n'kumabweza pansi, wam'kati n'kukwezanso omwewo. Mukautseka mwaupeputsira ntchito wam'katiwo. N'chifukwa chake kujambula kumayamba, kuti aone ngati msewu wam'kati uli wotseguka. Ukakhala wotsekeka nkhani imasintha. Laser ndi radiofrequency imene anachitidwa Bambo a Yamikani n'zofanana pa kagwiridwe, ndipo mwa mitsempha 10 yoposa 9 imatsekeka ndithu.

Phiri: Nanga ndinamva kuti mtsempha womwewo ndi umene amatenga pa opaleshoni ya mtima. Munthu akadzaufuna mawa?

Nagama: Munamva zoona, amautenga. Koma amafuna wabwino. Wotupa ndi wopotana sauika pamtima, ndipo ali ndi kwina kotenga, mwendo winawo, pamkono ndi m'chifuwa. Kaya mayiwo akufunikadi laser kapena ayi, zimenezo zitengera mmene akuvutikira ndi zimene sikani inaonetsa. Ngati ndi maonekedwe okha, palibe chothamangira. Ngati khungu layamba kuda kapena kuyabwa, musawaletse.

Phiri: Layamba kuda pang'ono mwendo umodzi. Ndakumvani, tikambirana kunyumba.

Anaphiri a ku Luton: Ine ndisakubisireni, sizonse zimayenda ngati za Bambo a Yamikani. Ine anandibaya thovu lija zaka 3 zapitazo. Amasakaniza mankhwala ndi mpweya m'masirinji awiri mpaka kuoneka ngati thovu la sopo, n'kubaya m'mtsempha. Kubayako sikuwawa, mphindi zochepa basi. Koma pambuyo pake mitsempha inauma kukhala timiyala topweteka, ndipo motsatira mtsempha munatsala mzere wakuda. Pakhungu lathu lakudali mzerewo unatenga kupitirira chaka kuti uzilale, mpaka lero ukayang'anitsitsa ulipo. Ndinabwerera kawiri kukabayidwanso, ndipo chaka chino wina watulukira kuseri kwa bondo. Ndiye musamve ngati ukapita kamodzi watha nazo.

Nagama: Zikomo Anaphiri ponena zimenezi, n'zoona zonse. Thovu limachita bwino pa timitsempha topotana ndi tozungulira chilonda, kumene kawaya sikangalowe, koma pa mtsempha waukulu wa m'ntchafu mtsemphawo umatsegukanso kawirikawiri kuposa ukatsekedwa ndi kutentha. Kafukufuku wa CLASS atatsatira odwala zaka 5 anapeza kuti a laser ndi a opaleshoni anali bwinoko kuposa a thovu. Za kuda kwa khungu, funsani adokotala musanabayidwe. Ndipo matendawa ndi a m'thupi la munthu, nthawi zambiri a kumtundu, ndiye mitsempha ina ikhoza kudzafooka patsogolo ngakhale ntchito yoyamba itagwiridwa bwino. Zoopsa zinanso ziliko ngakhale sizichitikachitika: magazi kuundana m'mtsempha wam'kati, dzanzi pakhungu ngati kamtsempha ka kumva kakhudzidwa, kupsa pang'ono. Kulinso njira ya guluu, VenaSeal, yosafuna majakisoni ambiri aja, koma ena khungu limafiira ndi kuyabwa chifukwa cha guluuyo, ndipo si paliponse pamene ilipo.

Mayi a Tadala: Ndilowererepo. Ine ndili ndi pakati pa miyezi 6, mitsempha yatupa miyendo yonse mpaka kumtunda, usiku ikukokana. Ndipemphe zimenezi?

Nagama: Ayi mayi, woyembekezera samugwira mitsempha pokhapokha pachitike zachilendo. Valani masokosi oyezedwa bwino, gonerani kumanzere, yendani. Yambiri imaphwa yokha miyezi ingapo mwana akabadwa. Koma mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, kuwawa ndi kutentha, kapena mukayamba kubanika, pitani tsiku lomwelo.

Chisale wa ku Bristol: Zonsezi n'zabwino kwa ife tili kunja kuno. Ine mtima uli kwa mayi anga kumudzi ku Ntcheu. Ali ndi zaka 68, agulitsa tomato ndi kabichi pamsewu moyo wawo wonse. Chilonda cha pamwendo chatha zaka 3. Chimapola, mvula ikagwa akayamba kulima chimatsegukanso. Kuchipatala chaching'ono amangowatsuka n'kuwapatsa makapisozi. Abale ena akuti anaponda mankhwala m'munda chifukwa cha mkangano wa malire, anawatengera kwa sing'anga anakawatema mphini kuzungulira chilonda. Ndimatumiza ndalama mwezi ndi mwezi koma sindikudziwa kuti ndiziloza kuti. Kumudzi laser aipeza kuti?

Mbewe: Achimwene a Chisale, ine ndine clinical officer, ndikugwira pa chipatala cha boma kuno kumudzi, zilonda zotere ndimaziona sabata iliyonse. Choyamba, mphini ziletseni lero lomwe. Lumo likakumana ndi mtsempha wotupa munthu akhoza kutaya magazi ambiri asanafike pamsewu, ndipo mphini iliyonse pakhungu lotero ndi chilonda china chikubwera. Lankhulani nawo mwaulemu abalewo, akuchita chifukwa chowakonda mayi, koma aleke.

Chachiwiri, kuno kwathu sitithamangira kunena kuti ndi mitsempha. Chilonda cha zaka 3 chimafuna kuyeza shuga, kuyeza HIV, kuona kuchuluka kwa magazi, ndi kugwira kugunda kwa mitsempha ya paphazi. Mwendo wotupa wolimba wokhala ndi zigamba kapena timatuza takuda timaganiziranso khansa ya Kaposi, imene kuno ndi yochuluka. Kwa achinyamata timaganiza za sickle cell. Ndipo chilonda chilichonse chokhalitsa chikhoza kusanduka khansa, makamaka ngati m'mphepete mwake mwatukuka ngati kolifulawa kapena chikutuluka magazi chikangokhudzidwa. Pamenepo timadula kanyama kukayeza. Makapisozi obwerezabwereza sapoletsa chilonda cha mitsempha, amafunika pokhapokha mwendo wafiira, watentha, kapena munthu akumva malungo.

Ndalama zanuzo zilozeni ku transipoti. Apite kuchipatala cha boma cha pa boma akaonane ndi a opaleshoni, apemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene angajambulidwe mwendo. Ikapezekadi mitsempha, opaleshoni yakale ija yomanga mtsempha m'mphechepeche n'kuusolola imagwirabe ntchito. Kafukufuku wa ESCHAR amene atchula asisita uja anali wa opaleshoni yomweyi, osati laser. Kusiyana kwake n'koti munthu amagonekedwa kapena kubayidwa pamsana, mabala amakhala okulirapo, kuchira kumatenga masabata angapo. Chilonda chikakhala chachikulu kwambiri amathanso kutenga khungu pantchafu n'kumatapo, koma popanda kukonza mtsempha ndi kumanga bwino khungulo silikhalitsa.

Chisale wa ku Bristol: Zikomo kwambiri a Mbewe. Ndimaganiza zowatumizira masokosi othina ndi bandeji za kuno, wina akupita mwezi wamawa.

Mbewe: Tumizani, chifukwa kuno bandeji ya krepu imene timapeza imamasuka munthu asanafike kunyumba. Koma asavale asanapimidwe mitsempha yobweretsa magazi kuphazi. Pa zaka 68, ngati imeneyo yachepa mphamvu, kufinya mwendo kukhoza kupha zala. Muyeso uja anatchula a Nachisale ukakhala pansi pa 0.8 sitimanga mothina mwachisawawa, ukafika pansi pa 0.5 sitimanga n'komwe. Masokosinso amafuna kuyeza kakolo ndi katumba m'mawa mwendo usanatupe, uzani mlongo wanu ayeze ndi tepi ya telala akutumizireni manambala. Ndipo pamsika apezereni kampando koikapo mwendo. Kukhala pansi tsiku lonse miyendo ili lende n'koipa chimodzimodzi ndi kuima.

Nankhoma: Ndawerenga zonse, ndiwonjezere zanga chifukwa ine ndine mmodzi wa amene anakanizidwa kuwotcha. Nditabereka mwana womaliza magazi anaundana m'mwendo wamanzere, ndinamwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, miyezi 6. Patapita zaka mwendo unayamba kutupa wonse kuyambira m'ntchafu, ndikayenda mtunda umachita ngati uphulika. Atajambula anapeza kuti vuto silili pansi pa khungu, lili m'kati, m'chiuno. Anandifotokozera kuti mtsempha waukulu wa kumanzere umadutsa pansi pa mtsempha wobweretsa magazi ku mwendo wakumanja, ndiye kwa ena umapanikizika pamsana, amati May-Thurner. Wanga unali utapanikizika komanso uli ndi zipsera za magazi oundana aja. Mitsempha yotupa ya panja inali njira yolambalala, akanaitseka bwenzi zitaipiraipira. Anandiika kachubu ka waya kotanula mtsempha, stent, ndipo ndikumwabe mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Mwendo unaphwa ndithu koma sunabwerere mwakale, sokosi ndimavalabe tsiku lililonse. Ndiye amene munadwalapo magazi oundana muziwauza adokotala poyambirira, musadikire akufunseni.

Nachisale: Ine zimenezo sizinandichitikepo, koma zikomo achemwali, ndikanena zonse. Asisita a Nagama, ndikafika kwa GP, dokotala wathu wa kudera, ndikanene kuti chiyani? Ine ndikalowa m'chipinda muja mawu amandithawa, ndimangovomera zilizonse. Komanso ndikuopa kuntchito, ndajomba kale kambiri chifukwa cha kumangitsa.

Nagama: Lembani papepala musananyamuke. Nenani kuti chilonda chatha miyezi 5 chikumangidwa mothina osapola, muli ndi mitsempha yotupa ndi khungu losintha, ndipo mukupempha akutumizeni ku vascular (kwa akatswiri a mitsempha ya magazi) kuti mukajambulidwe duplex (ultrasound ya mitsempha ija). Mawu awiri amenewo muwatchule momwemo. Jambulani chilondacho pafoni tsiku lomangitsa, muike rula pambali. Anesi amene amakumanganiwo auzeninso, m'madera ambiri nawonso amatha kulemba kalata yotumiza. Za kuntchito, pemphani kalata ya adokotala yonena kuti muzipatsidwa mpata wokhala pansi n'kukweza mwendo. Mukaima pambali pa bedi muzinyamuka ndi zala n'kutsika, kakhumi kakhumi, katumba azipopa. Kuchitidwa kwenikweniko ambiri amajomba masiku ochepa chabe, kuyerekeza ndi kawiri pa sabata kwa miyezi 5.

Bambo a Yamikani: Ndipo ngati muli ndi ulendo wa kumudzi pa Khrisimasi muwauze. Ine anandiletsa ndege ya mtunda wautali kwa masabata 4, ndiye ulendo wathu uja wodzera ku Addis Ababa kapena Nairobi ndi wautali ndithu.

Nachisale: Abale, ndabweranso patatha masabata 7. Ndinachita monga munanenera, pepala m'manja. Adokotala anaona zithunzi, sanatsutse n'komwe, analemba kalata tsiku lomwelo. Kudikira kunalipo koma anati a zilonda amawaika patsogolo. Pojambula ndinaona ndekha zimene ananena Bambo a Yamikani, utoto kusintha akasiya kufinya. Mtsempha wautali uja wafa kuyambira m'mphechepeche mpaka pansi pa bondo, ndipo pansi pa chilonda penipeni pali timitsempha tambiri todzadza. Wam'kati anati uli bwino, wotseguka. Ndinalira pabenchi pomwepo, mtsikana wojambulayo mpaka anandipatsa tishu.

Lachiwiri lapitali anawotcha wa m'ntchafu, n'kubaya thovu pa timitsempha ta pansi pa chilonda. Majakisoni a m'ntchafu amawawadi, ndinagwira dzanja la nesi mpaka kumaliza. Usiku woyamba ndinamwa panado ndinagona. Chimene ndaona msanga n'choti mwendo wapepuka, kulemera kwa madzulo kuja kulibe, ndipo bandeji ya Lachisanu inatuluka youma koyamba chiyambire. Chilonda chikadalipo, anesi ayeza akuti chachepa ndi theka la sentimita ndipo m'mphepete mwayamba kakhungu kofiirira. Anandiuza kuti bandeji yothina ipitirira mpaka chitseke, kenako sokosi.

Anaphiri a ku Luton: Ambuye alemekezeke. Timiyala tikayamba kuuma pamene anabaya thovu musadabwe, koma tikapweteka kwambiri bwererani, amatha kutulutsa magazi otsekeredwawo ndi singano ndipo kuda kumachepa.

Nagama: Ndasangalala kwambiri mayi. Yendani tsiku lililonse, musagone tsiku lonse. Katumba akatupa ndi kuwawa mwachilendo kapena mukamva kubanika, musadikire tsiku lokumana ndi adokotala. Chilonda chikatseka khungu latsopanolo ndi lofewa ngati la khanda, muzipaka mafuta osanunkhira ndipo pantchito muzitchinga pamenepo.

Chisale wa ku Bristol: Nanenso ndinene, mayi anapita. Shuga alibe, HIV alibe, adula kanyama tikudikira zotsatira, ndipo awapatsa tsiku lokajambulidwa ku Lilongwe. A Mbewe, mlongo wanga wayeza m'mawa, kakolo masentimita 26, katumba 38. Ndigule sayizi yanji?

Mbewe: Musagule kaye, mwendo ukadali wotupa ndipo manambalawo atsika akayamba kumangidwa bwino. Panopa tumizani bandeji, anthu a kuchipatala akawapima kugunda kwa paphazi ndi amene aziwamanga. Zotsatira za kanyama zikatuluka mundiuze, ndipo tsiku la ku Lilongwe apite ndi munthu wowaperekeza, anyamule kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapepala onse.